Manja a Khulu Hadebe

Aliyense wokwera kombi ya m'mamawa ku Njube amamudziwa MaMlotshwa. Ndi mayi wamfupi uja wokonda mpando wa pakhomo, wa nsapato zoyera zimene amazipaka choko Lamlungu lililonse, ndi kawotchi kolendewera chozondoka pachifuwa. Kondakitala akamachedwa kunyamuka pofuna kuti galimoto idzaze, mayiyu salalata. Amangotukula kawotchi kaja n'kukayang'ana, kenako n'kumuyang'ana iyeyo, basi galimoto yanyamuka. Dzina lake la ubatizo ndi Sithandekile, koma munthu womaliza kumuitana choncho anali mwamuna wake, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito mwana wachiwiri ali kumsana. Papita zaka makumi atatu, ndipo tiyenera kukhulupirira kuti bamboyo akuifunabe ntchitoyo.

Anakulira ku Nkayi, pakhomo pa agogo ake aamuna. Ntchito yake yoyamba pa dziko lino inali yogwada pamaso pa akulu nthawi ya chakudya, beseni pansi, chikho m'manja, n'kumathira madzi pang'onopang'ono mpaka wosambayo atagwedeza mutu. Ankafuna kudzakhala namwino wa chipewa, koma sukulu inathera m'njira chaka chimene ng'ombe zinatha ndi chilala. Masisitere a pachipatala cha mishoni anamutenga n'kumuphunzitsa ntchito ya manja: kuyala bedi munthu ali pomwepo, kutembenuza wodwala kuti msana usachite zilonda, kudyetsa wovutika kumeza, kusambitsa munthu wamkulu popanda kumuvula ulemu. Ndi luso limeneli anabwera ku Bulawayo, nalowa ntchito kunyumba yosungira okalamba ya mpingo, ija ili kuseri kwa njanji. Analera ana ake awiri ndi ntchito imeneyi, m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo onse anakula n'kupita kwawo kwa okha. Iye wakhala kunyumba ya okalambayo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Amene anaiona nyumbayo masiku abwino amaisimba mpaka lero. Okalamba anali oposa makumi atatu, anamwino atatu, othandiza khumi. Wothandiza aliyense anali ndi mzere wake wa mabedi, ndipo anthu a mumzerewo ankawadziwa mmene mayi amadziwira ana ake: uyu safuna shuga wambiri, uyu amaopa mphaka, uyu ukangotchula mwana wake womwalira sadya tsiku lonse. Belu la nkhomaliro likalira, jagi ndi beseni zinkayamba kuyenda, isitshwala, nsima ya kuno, ikubwera m'mbuyo, ndipo munthu aliyense ankalandira mbale yake akutchulidwa chiwongo chake. MaMlotshwa ankanyadira zinthu ziwiri, ndipo sankazibisa: kuti mumzere wake simunatulukepo chilonda cha pamsana, komanso kuti palibe munthu wake anagonapo ndi njala. Tinene zoona, ankanyada mopitirira pang'ono. Atsikana atsopano ankamuopa kuposa mmene ankaopera anamwino enieni.

Kenako inawomba mphepo ya ku Mangalande. Kunamveka kuti kumeneko nakonso okalamba achuluka, owasamala asowa, ndipo aliyense wodziwa kutembenuza wodwala akumufuna. Anamwino anayamba, othandiza anatsatira. Poyamba wochoka ankamuphikira makeke n'kumuimbira nyimbo, koma atafika wachisanu, MaSiziba wa kukhitchini anati ufa wake si wotsanzikira anthu mwezi ndi mwezi. Sitingawanene anawo. Malipiro a pano ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo munthu sadyetsa ana ake madalitso a abusa. Koma mtima umawawa ndithu kuona manja amene tinawaphunzitsa tokha akusisita misana ya makolo a eni, ya makolo athu ikuwola. Olowa m'malo sanabwere. Ochepa amene anabwera ankangofuna kalata yosonyeza kuti agwirapo ntchitoyi, ikatuluka nawonso ulendo.

Womaliza kuchoka anali Sikhangezile, mayi wa ana atatu amene MaMlotshwa anamuphunzitsa yekha. Tsiku lotsanzika anabwera ndi pepala lolembedwa mbali zonse.

"Mama, ndalemba zonse za anthu anga. Mankhwala, nthawi zake, amene amakodzera pogona, zonse zili pamenepa."

"Upite bwino," anatero MaMlotshwa, osaliyang'ana n'komwe pepalalo. "Ukasambitse azungu akowo. Ukawauze kuti anakuphunzitsa kugwira sopo ndine."

"Aa, mama, musatero. Inunso bwerani, ndikakupezerani malo. Zaka zanuzi sakana."

"Ndipite, atsale ndani? Mphaka?"

Sikhangezile anaseka misozi ili m'maso. "Koma mundisungire Khulu Hadebe. Amenewo ndi bambo anga."

"Iwe, ndinayamba kusunga nkhalamba usanamere mano. Pita, kombi ikusiya."

Khulu Hadebe anali agogo aamuna a pabedi la pawindo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji, yoyendera zitsulo ndi nyundo n'kumamvetsera ngati zili bwino. Sitiroko inawapha mwendo n'kuwalanda mawu, ukalamba n'kutenga zotsala za m'mutu. Sankadziwanso chaka, ngakhale dzina la mwana wawo Thobekile, amenenso anali ku Mangalande kwa zaka zambiri akugwira ntchito yomweyi. Koma anali munthu waukhondo ndi waulemu wachikale. Kolala ankafuna imangidwe mpaka batani la pakhosi, ndipo isitshwala ankadya okha ndi dzanja lawo, mosafulumira, mbale n'kutsala yoyera. M'pepala la Sikhangezile, pa dzina lawo panalembedwa zinthu zitatu: piritsi limodzi m'mawa, kutembenuza pa maola awiri alionse, amadya bwino.

Anatsala ndani? Anatsala Sisitala Mguni, namwino wopuma pantchito amene mpingo unakamupempha kuti abwerere, wa maondo otupa, woti kuchoka ku ofesi kukafika kuchipinda cha amayi ankapuma kawiri. Othandiza anatsala atatu, ndipo poti wina ayenera kugona komweko, wina kupuma, masana MaMlotshwa ankakhala yekha ndi anthu makumi atatu ndi mmodzi. Akuluakulu a mpingo anabwera, nayendera zipinda manja ali kumbuyo, napemphera, nalonjeza kuti alengeza m'matchalitchi onse. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe; iye anauzidwa kuti ayesetse. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, chinali chaka chija mipopi inkauma masiku anayi pa sabata. Madzi onse, osamba, ochapira zofunda ndi akumwa, ankachokera pamjigo wa kuseri kwa khitchini, ndowa imodzi imodzi.

Sabata yoyamba anayesa kuchita zonse monga kale. Nkhomaliro inafika kwa munthu womaliza dzuwa litapendeka, isitshwala itauma ngati njerwa, ndipo mayi wina wa pakona, amene anayenera kutembenuzidwa masana, anapezeka madzulo khungu la m'chiuno litafiira. Kufiirako kunamuopsa MaMlotshwa kuposa china chilichonse, chifukwa ankadziwa chimene chimatsatira. Anakhala pansi ndi kawotchi kake n'kuyamba kuyeza ntchito iliyonse. Kutembenuza sakanasiya. Mankhwala sakanasiya. Kusintha zofunda zonyowa sakanasiya. Koma jagi ndi beseni zinkadya ola lathunthu ndi maulendo atatu a kumjigo: kugwada, kuthira, kudikira kuti nkhalamba itsuke chala ndi chala, kukataya madzi, kubwereranso. Anang'amba mathaulo akale tizidutswa, natiwiritsa, natiika m'ndowa ya madzi a mankhwala. Munthu mmodzi kansalu kamodzi, kupukuta dzanja ili ndi ili, mbale pamwendo, wotsatira. Ola lija linasanduka mphindi khumi.

Khulu Tshabangu, nkhalamba yapakamwa imene inkagona pafupi ndi khomo, sanachedwe.

"MaMlotshwa, kodi tasanduka matebulo a m'bala? Watipukuta bwino, ikapo botolo tsopano."

"Idyani, khulu. Pakamwapo pali ntchito inanso."

"Ine ndidya, mwana wanga, ndinadyapo ndi kundende komwe. Koma ukatimaliza utipake polishi tiziwala."

Chipinda chonse chinaseka, iyenso anaseka, ndipo tsiku limenelo anapita kwawo akudziyamikira kuti wapeza nzeru.

Khulu Hadebe sanaseke. Kansalu kaja katadutsa, mbale itaikidwa, iwo anatukula manja onse awiri pamwamba pa bulangete, nalumikiza zikhatho, n'kungokhala choncho. MaMlotshwa pobwerera kudzatola mbale anapeza manja adakali m'malere, isitshwala yosakhudzidwa.

"Bhungane, idyani," anawatchula chiwongo chawo mwaulemu wonse.

Iwo anamuyang'ana, kenako anayang'ana manja awo. MaMlotshwa anadula kachidutswa ndi supuni n'kukafikitsa pakamwa pawo, koma iwo anatseka milomo n'kutembenuzira nkhope kuwindo. Kuchipinda cha amayi wina anali akukuwa. Anatola mbale n'kuthamangira komweko. Madzulo, m'buku lalikulu lolembamo za odwala, analemba kuti: Hadebe, wakana chakudya.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Phala la m'mawa ankalandira masupuni angapo, mahewu ankamwa pang'ono, koma mbale ya masana ndi ya madzulo inkabwerera mmene inapitira, manja aja ali m'malere. Abusa atabwera Lachinayi anaima pamapazi a bedi nati, "Taonani chikhulupiriro, bamboyu akupemphera." Dokotala wobwera kamodzi pa mwezi anawagunda pachifuwa, nawerenga m'buku, nati ndi ukalamba basi, nasiya mankhwala oti azimva njala. MaSiziba anati akulira Sikhangezile. Anawasinthira ndiwo, anawaikira amasi, chambiko chija ankachikonda, tsiku lina anawaphera nkhuku yakeyake. MaMlotshwa anavomereza zonsezi chifukwa chilichonse chinali chomveka, ndiponso chifukwa panalibe chomufuna kuti akhale pansi mphindi zisanu n'kungoyang'ana. Uku ndiko kunali kusowa kwenikweni m'nyumbamo. Mankhwala analipo, ufa unalipo, koma munthu wokhala ndi mpata woyang'ana mnzake panalibe.

Kolala ija inayamba kulendewera pakhosi. Powatembenuza, ntchito imene kale inkafuna anthu awiri, MaMlotshwa anaona kuti tsopano akuwanyamula yekha mosavutika, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti msana wake wathokoza. Ankawakonda bamboyu. Powameta ndevu Lolemba ankawachonderera ngati mwana, kuwauza kuti Sikhangezile akamva adzamunena kuti sasunga mawu. Ankalowa m'kombi madzulo akuwaganizira, koma asanadutse dera la Mpopoma tulo tinkakhala titamugwira, ndipo kondakitala ndiye ankamudzutsa. Thobekile ankamuimbira pafoni yake Lamlungu lililonse, akuyenda pamsewu kuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina, mpweya uli m'mwamba.

"Mama, baba akudya?"

"Akukana, mwana wanga. Koma tikuyesetsa."

"Muwanyengerere, chonde. Ndiyesa kubwera pa Khirisimasi."

Linali Loweruka la sabata yachisanu ndi chimodzi pamene msana wa MaMlotshwa unakana. Ankatola mbale pafupi ndi bedi la pawindo, ndipo pofuna kuweramuka china chake chinamubaya m'chiuno, nakhala pansi pasimenti pomwepo. MaSiziba anabwera akupukuta manja m'chitenje.

"Wadya chiyani lero iwe?"

"Tiyi."

"Tiyi wa lero kapena wa dzulo? Khala pomwepo, usasunthe. Ukagwa iwe ndiziphikira mitembo ine?"

Anabwerera ndi mbale ya isitshwala ndi nyemba, ndipo m'dzanja linalo ananyamula jagi yoyera ija ndi beseni, zimene zinakhala pamwamba pa kabati masabata onsewo.

"Zisiye izo, ingondipatsa kansalu," anatero MaMlotshwa.

"Tinsanza takoto upukutire ena. Ine kwathu ku Gwanda sanandiphunzitse kupatsa munthu chakudya ngati galu. Tambasula manja."

Madzi anagwera m'beseni la chitsulo ndi phokoso lake lija lodziwika. Pabedi panamveka kusuntha. Khulu Hadebe, amene kwa masiku atatu sanatukule mutu, anali atautembenuza, maso ali pa jagi. Pang'onopang'ono manja aja anatuluka m'bulangete, nalumikizana, nadikira.

Amayi awiriwo anayang'anana. Manja amenewo MaMlotshwa ankawadziwa. Umo ndi mmene agogo ake ankatambasulira awo ku Nkayi, iye atagwada ndi chikho. Inali ntchito yake yoyamba pa dziko lino, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi anaidutsa kawiri pa tsiku osaizindikira.

Anayenda ndi maondo, msana ukubaya, nalanda jagi kwa MaSiziba, naika beseni pamwendo pawo.

"Sambani, Bhungane."

Anathira pang'onopang'ono. Iwo anatsuka chala ndi chala, m'kati ndi kuseri, nawaza madontho, nagwedeza mutu kuti akwana. Anatema mbamu m'mbale ya MaMlotshwa, naiumba m'chikhatho, naiviika mumsuzi. Isanafike pakamwa anaima, nakankhira mbaleyo kwa mayi wogwadayo, ndipo mawu amene sanamveke kwa zaka ziwiri anatuluka, okhakhala ngati chitseko chadzimbiri.

"Tidye, mwanawe."

MaSiziba anagwira pakamwa. Kuchokera cha kukhomo Khulu Tshabangu analankhula motsitsa, mopanda nthabwala.

"Munthu wolerededwa bwino ameneyu. Mbale yobwera yopanda madzi si yako, mwini wake akubwera. Akanadya bwanji chakudya cha eni?"

"Munkadziwa, khulu?" anafunsa MaMlotshwa. "Munkadziwa osandiuza?"

"Ndadziwira limodzi ndi iwe, mwana wanga. Maso angawa amathera pamapazi a bedi langa. Ndangomva madziwo."

Khulu Hadebe anadya mbamu ziwiri. Yachitatu inakana kutsika, anatsokomola mpaka misozi, ndipo MaMlotshwa anawagwira pachifuwa pake n'kumawasisita kumsana. Thupi linali litapita kale kutali. Lamlungu linali tsiku lake lopuma koma anabwera, atamanga m'chiuno ndi mpango. Kawiri pa tsiku ankagwada ndi jagi, ndipo iwo ankasamba ndi ulemu womwewo, kuumba mbamu, n'kuigwira m'dzanja mpaka itazizira. Anayesa kuwaphikira yofewa, anayesa kuisungunula mumsuzi, koma kukhosi kunali kutatsekeka. Madzi akatayika saoleka. Anamwalira Lachitatu m'mawa dzuwa litakwera, MaMlotshwa ali kuchipinda cha amayi akutembenuza munthu, ndipo panalibe wowatseka maso kufikira nthawi ya tiyi.

Sisitala Mguni anamuitanira ku ofesi n'kumukhazika pansi.

"Usadziphe ndi maganizo, MaMlotshwa. Unali wekha. Bamboyu anali wamkulu, akanapitabe. Ukanapanda tinsalu tako tija, bwenzi tikuchiza zilonda zisanu lero."

Zinali zoona, ndipo sizinamuthandize. Madzulo ake anatumiza uthenga kwa Sikhangezile n'kumuuza zonse. Yankho linabwera la mawu, munthu akulira. "Mama, ndikanalemba bwanji kuti muziwasambitsa m'manja? Kodi munthu amalemba papepala kuti nkhalamba muziipatsa moni?"

Thobekile anabwera kumaliro. Atawaika bambo ake kumudzi kwawo ku Filabusi, anadzera kunyumba ya okalamba kudzatenga sutikesi yawo ndi kuthokoza. Anali mayi wa zaka makumi asanu, wotopa m'maso, wovala chijasi cha kudziko lozizira ngakhale kunali kotentha. Anapempha kuti aone buku, monga munthu wa ntchito yomweyo, ndipo Sisitala Mguni anamutsegulira. Anayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Tsiku ndi tsiku, dzanja limodzi, mawu amodzimodzi: Hadebe, wakana chakudya.

"Zandipepuza mtima, mama," anatero potseka bukulo. "Ndiye kuti baba anatopa okha, anasankha okha kupuma. Ine ndimaopa kuti mwina anavutika, ine ndili kutali."

Sisitala Mguni anamuyang'ana MaMlotshwa ndi maso onena kuti zisiye choncho. Kukhala chete kukanakhala chifundo, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma bodzalo linali pa dzina la munthu amene sakanathanso kudziyankhira, munthu amene sanakanepo mbale m'moyo wake, ndipo linalembedwa ndi dzanja lake iye. Anatsika pampando n'kukhala pansi, monga mmene munthu amakhalira popereka nkhani yolemera.

"Sanakane, mwana wanga. Bambo ako sanakane chakudya ngakhale tsiku limodzi. Ankadikira madzi osamba m'manja. Ine ndinachotsa jagi kuti ndipulumutse ola limodzi. Anadikira masabata asanu ndi limodzi, manja ali chonchi, ine ndikudutsa ndi mbale."

Anawerama n'kudikira. Akanatukwanidwa akanalandira, mwinanso zikanamupepuza. Koma Thobekile anangoyang'ana manja ake, amene anali ong'aluka ndi sopo ngati a MaMlotshwa yemwe.

"Kumene ndili kuja," anayamba motsitsa, "amandipatsa mphindi makumi awiri pa nyumba iliyonse. Kulowa, kusambitsa, mankhwala, kutenthetsa chakudya, kutuluka. Pali mayi wina wokalamba, amakhala yekha, mwamuna wake anamwalira. Mwezi wathunthu tsopano ndikulemba kuti wakana. Ndikamuikira mbale amangoyang'ana mpando wa tsidya lina la tebulo. Sindinakhalepo pampandopo, mama. Sindinaganize n'komwe."

Belu la nkhomaliro linalira. MaMlotshwa anatukula kawotchi kake mwachizolowezi, nakasiya osakayang'ana. Anadzuka movutika, natsegula buku, ndipo pansi pa mzere womaliza analemba kuti: Sanakane, ankadikira madzi. Sisitala Mguni anati buku la ntchito silikonzedwa motero, koma ananena akuyang'ana kuwindo.

"Vula chijasicho," anatero MaMlotshwa kwa Thobekile. "Gwira beseni."

Anayenda bedi ndi bedi, wina akuthira, wina akulandira madzi, MaSiziba akubwera m'mbuyo ndi mbale. Khulu Tshabangu anatambasula manja nati, "Ehe, lero tabwerera kukhala anthu. Koma mlendoyu musamulole apite, mumubisire pasipoti." Thobekile anaseka, n'kupukuta maso ndi phewa chifukwa manja onse anali pabeseni. Tsiku limenelo chakudya chinafika kwa munthu womaliza chidakali chotentha, ndipo aliyense anatembenuzidwa pa nthawi yake.

Lachisanu Thobekile anakwera ndege. Jagi sinabwererenso pamwamba pa kabati. MaMlotshwa amayenda nayo yekha kawiri pa tsiku, maulendo atatu a kumjigo, mpango uli m'chiuno, ndipo ola limene imadyalo amadziwa bwino kumene limachokera. Mwezi wotsatira, mayi wa pakona uja anatuluka chilonda pamsana, choyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. MaMlotshwa anachitsuka, nachimanga, n'kukachilemba m'buku ndi dzanja lake.